Makina Alibe Mlamu

Lolemba, 8 Juni 1992

Kuzizira. Chiperoni chongonamiza, chosanyowetsa ngakhale mpango. Tiyi wapserera mpaka kumunsi kwa damu.

A Morris, kalaliki wathu wamkulu, anandiitana ndisanakhale n'komwe pansi. Anthu 90 achotsedwa ntchito mwezi uno ukamatha, mwa anthu 640 a chigawo chathu cha esiteti ya tiyi. Chilala. Chaka chatha anasankha ndi makapitawo, ndipo tonse tikudziwa mmene zinathera: azilamu awo onse anatsala, nyumba ya kapitawo mmodzi inapsa masanasana. Ndiye chaka chino bwana akuti asankhe ndi makina, achite maere. Mawu a bwana monga anandifikitsira a Morris: "Makina alibe mlamu."

Makinawo ndi kompyuta ya pakona ija, ndipo woidziwa pa esiteti yonse ndine ndekha. Osati chifukwa cha nzeru. Itabwera, azibambo a mu ofesi anaona mabatani ngati a taipi n'kuti kutaipa ndi ntchito ya akazi, mupatseni Lily. Zaka ziwiri ndakhala ndi buku lake la BASIC, chilankhulo cholamulira makinawo, lachikuto chong'ambika, kudziphunzitsa nthawi ya nkhomaliro anzanga akudya mbatata panja. Ndinkayenda nazo monyada. Lero kunyadako kwandipeza.

Komanso si maere wamba. Bwana akufuna wojomba kwambiri akhale pafupi ndi khomo. Aliyense gawo limodzi, kuwonjezapo gawo limodzi pa tsiku lililonse limene anajomba chaka chino. Wamagawo ambiri, mwayi wotuluka wambiri. Mwayi, ati.

Ndinangoti chabwino. Buku la masiku sindinalitsegule.

Lachitatu, 10 Juni

Ndalitsegula. Nambala 212, Filipo Mulepa, wodulira tiyi. Masiku ojomba 41.

Bambo anga. Zaka 31 pa esiteti ino, mowa samwa, malungo amapita nawo kumunda. Masiku 41 onsewo ndi a maliro. Ndiwo mkulu wa adzukulu m'malaini monse a nyumba za antchito muno, manda sakumbidwa iwo asanalembe pansi ndi khasu. Ndipo chaka chino anthu afa ngati nkhuku za chitopa. Anthu ambiri m'bukumu ali ndi masiku asanu, asanu ndi limodzi. Ena alibe ngakhale limodzi, chifukwa maliro a abale awo anawakumbira ndi a Filipo.

Ndinayesa kuwauza a Morris kuti masiku a maliro asawerengedwe. Sanakweze n'komwe mutu. "Buku silidziwa maliro, a Lily. Kujomba ndi kujomba." Munthu ameneyu si woipa. Amangokonda buku kuposa mkazi wake.

Ntchito ikatha, nyumba yatha. Nyumba ya pa laini ndi ya nambala 212, si ya ife. Kalaliki wamkazi wosakwatiwa sapatsidwa nyumba, ndinafunsa kale chaka chatha. Kumudzi kulibe. Agogo anawoloka Muloza, mtsinje wa m'malire a dziko, ndi mphasa pamutu, munda sanapatsidwepo, anafera pa laini pomwe pano. Kutsidyako kuli nkhondo, anthu akuthawako tsiku ndi tsiku. Bambo, amayi, ine. Tikalowera kuti?

Kuchepetsa nambala yawo sikutheka. A Morris anena kale kuti ndikataipa magawo onse ndisindikize, afananize ndi buku, mzere ndi mzere, ndi rula yawo yachitsulo ija.

Lachisanu, 12 Juni

Masiku awiri kutaipa maina. Zala zauma ndi kuzizira.

Pulogalamu ndaipeza poyang'ana pawindo. Mzere umodzi wautali wa tiyi, anthu onse 640 mitengo yawo motsatizana. Wagawo limodzi mtengo umodzi, wamagawo asanu ndi awiri mitengo isanu ndi iwiri, bambo mitengo 42. Yonse pamodzi 4,512. Makina aponye mwala osayang'ana. Lamulo la makina lotchedwa RND limatulutsa kanambala ka pakati pa 0 ndi 1, ndichulukitse ndi 4,512, ndapeza mtengo umene mwala wagwera. Kenako kuyenda mumzere kuyambira munthu woyamba, kuwerenga mitengo mpaka kufika kwa mwini mtengowo. Ameneyo watuluka. Mitengo yake izulidwe, mzere ufupike, mwala wina. Mpaka miyala 90.

Poyamba ndinaiwala kuzula. Munthu mmodzi anachotsedwa ntchito katatu. Ndinaseka ndekha, a Morris n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Itayenda bwino ndinamva kukoma. Ndilembe zoona, ndinamva kukoma. Mizere 38 basi, yaudongo, yopanda chotsalira. Kenako ndinakumbukira kuti ndapanga chikwanje.

Mayeso oyamba, maina 90 pagalasi. Ndinawerenga ndi chala. Bambo mulibe. Ndinayesanso. Mulibe. Kachitatu, mulibe. Pobwerera ndinadzera ku Chitakale n'kugulira amayi sopo wonunkhira, iwo n'kufunsa ngati ndapeza mwamuna.

Lachiwiri, 16 Juni

Dzulo kasanu, lero kasanu. Bambo mulibe. Koma chisangalalo chathawa.

Dzina loyamba nthawi zonse ndi Alefa. Dzina lachiwiri silisintha, lachitatu silisintha, mpaka la 90. Maere anji obwereza okha ngati nyimbo ya kwaya? Alefa wa khomo loyandikana nafe, wamasiye, ana atatu. Magawo ake atatu okha: limodzi la aliyense, awiri a masiku amene anaika mwamuna wake.

Ndinatsegula buku, tsamba 214. Nazo. Makinawa sadziwa kuponya mwala mwachisawawa. Ali ndi mndandanda wa manambala m'mimba mwake, ndipo ukawayambitsa amayamba pamalo omwewo tsiku lililonse. Kuti ayambe pena pamafunika mzere umodzi pamwamba, RANDOMIZE TIMER, atenge poyambira pa wotchi yake. Ine mzerewo sindinauike. Sindinkaudziwa.

Ndiye kuti si Mulungu amene anabisa bambo. Ndi umbuli wanga.

Lachitatu, 17 Juni

A Morris atapita kukadya ndinauika, mzere 15. Kuyesa ka 20, n'kumalemba timizere kuseri kwa envulopu yakale. Maina osiyana ulendo uliwonse, monga maere enieni.

Bambo anatuluka ka 12. Alefa kamodzi.

Ndinakhala ndikuyang'ana envulopu mpaka belu. Kenako ndinafufuta mzere 15. Kungotaipa 15 n'kudina batani, basi, wapita. Envulopu ndinaponya mu mbaula ya alonda.

Palibe angadziwe. Bwana amadziwa tiyi, a Morris amadziwa buku. Magawo onse ndi oona, rula sidzapeza kanthu. Pa 29 adzaima onse kumbuyo kwanga, ndidzadina batani, makina adzatchula maina 90 amene ndikuwadziwa kale pamtima. Sindinasankhe ndine anthu amenewa. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kuyambira masana. Sindinawasankhe, ndangowasiya pamene ndinawapeza.

Chibale ndi fupa, sichiola. Anatero akuluakulu, ndipo sanali pa kompyuta.

Loweruka, 20 Juni

Pa mpope m'mawa. Alefa anandisenzetsa ndowa. Akuti akufuna kubzala mpiru kuseri kwa nyumba madzi otsukira mbale asamatayike, ndimupezereko mbewu ku Nkando ndikapita. Ndinati ndimupezera. Mpiru umafuna milungu isanu ndi umodzi. Iye ali ndi masiku asanu ndi anayi, ndi mwezi umodzi wosamukira.

Njira ya ku ofesi yatalika. Uyu wa nambala 17 pa mndandanda, akundipatsa moni ndi manja awiri. Uyo wa 40, wanyamula khasu latsopano. Ndimayankha moni maso ali pansi. Anthu ayamba kunena kuti Lily wayamba matama chiyambire kucheza ndi makina.

A Pilato, wantchito mnzawo wa bambo, nawonso alimo, nambala 6 pa mndandanda. Iwowo alibe chodabwitsa, magawo 59, chifuwa chawagoneka kuyambira Epulo. Akanatuluka ndi maere alionse. Ndikawaganiza iwo mtima umapepukako. Ndikaganiza Alefa, ayi.

Bambo madzulo akunola chikwakwa chawo chodulira pakhonde. Anafunsa ngati n'zoona kuti makinawo amaona mumtima mwa munthu, poti ndi zimene zikukambidwa kumunda. Ndinati ayi, amangowerenga. Anagwedeza mutu. "Bola owerenga. Kapitawo ankawerenga nkhuku zimene wam'patsa."

Za masiku ojomba sakudziwa. Bwana analamula kuti zisatuluke mu ofesi mpaka tsikulo.

Lachiwiri, 23 Juni

A Morris amaliza kufananiza. Masiku awiri, rula ndi pensulo. Anapeza cholakwa chimodzi chokha, dzina lina ndinalemba ndi L m'malo mwa R. Ananditcha mwana wosamala.

Ndinayesanso atatuluka. Alefa woyamba. Bambo mulibe. Zonse zili m'malo.

Chakudya sichikulowa. Amayi anaphika kalongonda, nyemba zolimba zija, tsiku lonse pamoto, nkhuni zosowa chonchi, poti amadziwa kuti ndimamukonda. Ndinadya pang'ono n'kunamizira mutu.

Lachinayi, 25 Juni

Ndinaubwezera mzere 15 m'mawa. Ndinakhala nawo mpaka 10 koloko. Ndinaufufutanso.

Ndimafuna munthu woti ndimuuze. Abusa? Ndiyambire pati, pa RND? Masiku ano ngakhale khoma lili ndi khadi la chipani, munthu sulankhula zamkati ndi aliyense. Ndikuuza kabuku kano, kenako ndikabise m'thumba la makaka.

Ndimadzifunsa kuti chilungamo chili pati. Maere oona akulanga munthu chifukwa choika akufa a anzake. Maere abodza akulanga mkazi amene anajomba masiku awiri okha. Onse awiri ndalemba ndine. Ndikutopa.

Mbewu ya mpiru sindinagule.

Loweruka, 27 Juni

A Pilato amwalira m'mawa uno. Kulira kunayambira ku laini ya kumtunda tikumwa tiyi. Bambo anasiya kapu yosatha n'kutenga khasu.

Ndinapita ndi amayi kukakhala pasiwa. Ndili pakati pa azimayi, nyimbo ili mkati, ndi pamene zinandifika m'mutu.

Mitengo 59. Dzina la a Pilato likachotsedwa, mzere suli 4,512, uli 4,453. Manambala a makina adzakhala omwewo, inde, koma miyala idzagwa pa mitengo ina. Woyamba ukasuntha, onse otsatira asuntha. Mndandanda wanga wafa pamodzi ndi a Pilato, ndipo watsopano sindikuudziwa.

Ofesi ndi yotseka mpaka Lolemba. Kiyi ali m'thumba la jekete la a Morris. Maere ndi 8 koloko m'mawa.

Anthu ankandiona ndikulira n'kumati mwanayu anali kuwakonda a Pilato. Mulungu andikhululukire, sindinkalira iwo.

Lamulungu, 28 Juni

Maliro. Nthaka youma gwa, adzukulu anayamba kukumba kusanache, anamaliza dzuwa lili pamutu. Bambo ali m'dzenje mpaka m'mapewa, fumbi lofiira mpaka m'nsidze, akuwongola makona ndi kakhasu kawo kakang'ono. Sasiya manda okhota. Amati munthu wagona mokhota moyo wonse pa mkeka wa esiteti, kumapeto agone mowongoka.

A Morris analipo, suti yakuda, anakhala kutsogolo. Ndinapemphera pemphero lopusa: aiwale. Dzina likhale mpaka Lachiwiri. Tsiku limodzi lokha.

Munthu amene anapeza L m'malo mwa R.

Lolemba, 29 Juni

Sanaiwale. Analowa ndi buku lotsegula kale. "Wakufa sachotsedwa ntchito, a Lily. Fufutani 388, a Pilato."

Kumbuyo kwanga kunali bwana, makapitawo anayi, tcheyamani wa chipani wa pa esiteti, ndi anthu awiri oimira antchito, zipewa m'manja. Panja khamu lonse likudikira. Ndinafufuta 388 onse akuona. Ndikanatha kuika mzere 15 nthawi yomweyo, palibe akanafunsa. Zala zinafika pa 1. Ndinaganiza kuti mwina mndandanda watsopanowu nawonso wawadumpha bambo. Ndinasiya.

Bwana anati mmodzi wa oimira antchito adine yekha batani, anthu asadzanene. Mkuluyo anadina ndi chala chimodzi ngati akugwira mbaula.

Pulinta inayamba kulira. Dzina loyamba silinali Alefa.

A Morris ankang'amba pepala maina khumi akakwana n'kukawerenga pakhonde. Ine maso pa pulinta, mzere uliwonse ukamatuluka. 20. 40. 60. Ndinayamba kupuma.

67. 212 FILIPO MULEPA.

Sindinakomoke, sindinalire. Ndinakonza pepala limene linayamba kukhota, kuti maina 23 otsalawo atuluke bwino. A Morris anatenga pepalalo, anaona, anandiyang'ana kamodzi. Anakawerenga panja ndi mawu omwewo amene anawerengera ena onse.

Alefa mulibe.

Lachisanu, 3 Julaye

Masiku atatu osalemba. Ndilembe chiyani.

Nyumba tituluke pofika pa 31. Amayi akumanga zinthu m'zitenje n'kumasulanso, akuti sakudziwa chimene chidzafunike kumene sitikukudziwa. Kwa a malume ku Milonde akuti kuli khitchini yopanda chitseko, mwina mwezi umodzi kapena iwiri. Bambo anapita kukafunsa ku esiteti ya kutsidya la mtsinje. Nakonso akuchotsa.

Palibe nyumba yapsa chaka chino. Bwana wakondwa. Anaima pa tebulo langa Lachitatu, koyamba kundilankhula chibwerere, n'kunena kuti ndagwira ntchito yabwino.

Choipa kuposa zonse ndi ichi: anthu akundilemekeza. Amene ankati ndili ndi matama akundipatukira m'njira. Mayi wina amene mwamuna wake anatuluka wa 12 anandigwira dzanja pa chigayo. "Ife tinkati mubisa anu. Koma mwana inu ndi woopa Mulungu." Ndinati zikomo. Ndinatero ndithu, zikomo.

Alefa anabwera dzulo ndi nandolo m'mbale. Akuti mtondo wa amayi ndi mpando wa bambo zikhale kwa iye mpaka tipeze malo, zisanyowe. Analira kuposa ife. Akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinatuluka kukaima kuseri kwa bafa mpaka atapita.

Ndimabwereza masamu m'mutu ngati munthu wotokosa dzino lobowoka. Ndikanaika mzere 15, maulendo 8 mwa 20 bambo akanatsala. Akanatuluka, bola ndikanakhala ndi manja oyera. Ndinasankha kuba, ndipo ndabwera chimanjamanja.

Lamulungu, 5 Julaye

Ku bwalo azimayi akuyeserera magule a mawa, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko. Ng'oma kuyambira m'mawa. Amayi apita, kusapita sikutheka.

Kutchalitchi bambo anaimirira nthawi ya zolengeza, munthu amene salankhula pagulu pokhapokha kumanda. Anatsanzika mpingo. Anatchula amene atenge khasu la adzukulu. Kenako anati pali amene akuwamvera chisoni, asatero. Mwana wawo anali ndi makina m'manja, akanatha kubisa dzina lawo, sanalibise. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali pa benchi lachitatu, aliyense akutembenuka kundiyang'ana.

Pobwerera tinayenda awiri, iwo patsogolo. Ndinali nditakonza mawu kuyambira pa nyimbo yomaliza. Bambo, ndinakubisani. Masiku khumi ndi awiri ndinakubisani, ndinaika Alefa ndi ana ake m'malo mwanu, ndipo chinandilepheretsa si Mulungu, ndi chifuwa cha a Pilato.

Tisanafike pa mlatho anaima n'kutembenuka. "Ndikanatsala, ndikanayenda bwanji pa laini pano? Aliyense akanati masiku 41, koma mwana wake ali mu ofesi. Nyumba ndi dothi, mwanaka. Iwe wandisiyira nkhope."

Maso awo anali onyowa. Sindinawaonepo choncho, ngakhale pa maliro a agogo.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinawafunsa ngati ndiwatenthetsere madzi osamba.

Zaka 31 atuluka nacho chinthu chimodzi chokha, ndipo ndi chabodza. Ndikawauza ndawalanda nachonso. Ndikapanda kuwauza adzachinyamula mpaka ku Milonde, adzauza a malume, adzauza aliyense wowafunsa, ine ndili pomwepo ndikuwapatsira madzi akumwa.

Ndiwauza tikapeza pokhala. Kapena akadzapeza ntchito. Kapena

Bambo akundiitana. Akumasula bedi, akuti ndikagwire mbali inayo.